Dzanja ndi la Mwana, Nanga Mlandu ndi Wayani?

Malamulo a dziko lathu lino amati mwana amene sanakwanitse zaka 10 sangazengedwe mlandu, ngakhale atachita chinthu choopsa chotani. Akakhala pakati pa zaka 10 ndi 14, woimira boma pamlandu ayenera kuyamba wasonyeza bwalo kuti mwanayo ankadziwa kuti chimene akuchitacho n'choipa. Mashehe a kuno kwathu ku Namwera amaphunzitsanso zofanana ndi zomwezi, kuti mwana salembedwa tchimo kufikira atatha msinkhu. Nako kumudzi, mwana akatentha nkhokwe ya eni ake posewera ndi moto, amene amakakhala pansi pabwalo la amfumu n'kulipa mbuzi ndi atsibweni ake. Boma, chipembedzo ndi mwambo zidagwirizana chimodzi pa nkhani imeneyi, ndipo zikadakhala kuti zonse zimathera pamenepa sindikadavutika n'kulemba. Komatu alipo anthu, ena mwa iwo timagula nawo mumsika umodzi, amene malamulo onsewa adawamasula kalekale, koma mitima yawo ikukanabe kumasuka.

Munthu wochokera ku boma la Mangochi akakwera mapiri a Chowe n'kufika pa Namwera, ndiye kuti watsala pang'ono kutuluka m'Malawi. Pa Chiponde m'pafupi, ndipo kutsidya kwake kuli Mandimba, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Malire amenewa adadutsa pakati pa abale. Myao wa kuno ndi Myao wa uko amayankhula chiyankhulo chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro. Choncho nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo, imene idayamba mu 1977 n'kudzatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ife sitidangoimvera pa wailesi. Idafika pakhomo itasenzedwa pamitu ya amayi, m'mitolo ya mapoto ndi nsanza. Pofika kumapeto kwa nkhondoyi Malawi adali atalandira othawa kwawo oposa 1 miliyoni, pomwe kalembera wa 1987 adapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni okha m'dziko muno. Ine panthawiyo n'kuti ndili ku pulayimale, ndipo ana ena othawa nkhondo tinkakhala nawo pansi m'kalasi limodzi. Ndimakumbukira kuti chitseko chikamenyeka ndi mphepo ena a iwo ankalumpha ngati aponda moto, ife n'kumaseka.

Zimene ana otere adachokamo tidadzazidziwa titakula. Zigawenga zija, zimene anthu ankazitcha Matsanga potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa, zinkagwira ana m'midzi n'kupita nawo kutchire. Katswiri wina wa za maganizo a ana, Neil Boothby, pamodzi ndi anzake adacheza ndi ana 504 ochokera m'madera a nkhondo, ndipo lipoti lawo la 1991 lidati ana 77 mwa 100 alionse adaona munthu akuphedwa, 64 mwa 100 alionse adagwidwapo ndi zigawenga, ndipo mwa ogwidwawo 28 mwa 100 alionse adaphunzitsidwa kumenya nkhondo. Ambiri ankasenzetsedwa katundu wolandidwa m'midzi. Ena, pofuna kuti asadzaganizenso zothawa, ankawakakamiza kupha munthu wa m'mudzi mwawo momwe, nthawi zina mbale wawo weniweni, anthu akuona. Wokana ankaphedwa iyeyo. Tisanamizire mbali imodzi yokha, nalo boma la Frelimo lidalowetsapo anyamata osakhwima m'gulu lake la nkhondo, ngakhale kuti amene adatchuka kwambiri ndi mchitidwewu ndi a Renamo.

Taganizani bwino za nzeru ya munthu wamkulu amene adakonza zimenezi. Iye ankadziwa kuti mwana ali ndi chikumbumtima. Akadakhala kuti amamuona mwana ngati chikwanje chabe, sakadavutika n'kumutengera kumudzi kwawo kuti akaphe pamaso pa amayi ake. Adawerengera kuti manyazi ndi mantha zidzamanga mwanayo kuposa chingwe. Kunena kwina, adatenga chinthu chabwino chimene chidali mwa mwanayo, ndicho kudziwa kuti kupha n'koipa, n'kuchisandutsa goli.

Zotere sizidayambire ku Mozambique. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, a chipani cha Nazi cha Adolf Hitler adapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni, ndipo mwa iwowa ana adalipo pafupifupi 1.5 miliyoni. Ana amene adapulumuka ambiri adatuluka ndi katundu wofanana ndi amene ndikunenayu. Elie Wiesel adali ndi zaka 15 pamene iye ndi banja lake adatengedwa kwawo ku Sighet mu 1944 kupita ku ndende ya Auschwitz. Amayi ake ndi mlongo wake wamng'ono adaphedwa atangofika. Iye adatsala ndi bambo ake, ndipo adakakamirana nawo mpaka ku ndende ya Buchenwald, kumene bambowo adadwala kamwazi. M'buku lake lotchedwa Night akusimba kuti usiku wina mu Januwale 1945 bambo ake ankamuitana, msilikali n'kuwamenya kuti akhale chete, iye ali gone pabedi lapamwamba osasuntha poopa kumenyedwa naye. Kutacha adapeza kuti awachotsa. Akuvomerezanso kuti penapake mkati mwa mtima wake adamva ngati wapepukidwa. Munthu ameneyu adakhala ndi moyo mpaka 2016, adalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 1986, koma usiku umenewo adaulemba ngati munthu amene akudziimba mlandu. Kodi ndani mwa ife angaime n'kunena kuti mnyamata wanjala, wa zaka 16, akadatsika pabedipo? Akadatsika akadamenyedwa, mwina kufa, ndipo bambo ake sakadachira. Wiesel zonsezi ankazidziwa kuposa ife. Kudziwako sikudamuchotsere usikuwo.

Wolemba wina wa ku America, Lawrence Langer, pofotokoza za Ayuda a m'ndende zimenezi adati uku kudali kusankha kopanda chosankha. Mawuwa ndimagwirizana nawo. Kusankha kwenikweni n'kuja makolo athu ankanena kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imfotere yekha. Pamenepo mwana wafuna yekha, wachenjezedwa, ndipo chimene ataye n'chaching'ono, kotero kuti akaona nyangayo itafota waphunzirapo kanthu. Koma mwana amene wapatsidwa mpini n'kuuzidwa kuti ipha kapena ufe, njira zonse ziwiri adamusemera ndi munthu wina, ndipo palibe phunziro limene angatolepo. Pachifukwa chimenechi ine ndilibe chikayiko chilichonse pa funso loyamba. Mwana wotere alibe mlandu. Mlandu ndi wa amene adamuika pamphambano yopanda njira yabwino.

Chimene chimandivuta ndi funso lachiwiri: tikatero, tathana nazo?

Zaka zingapo zapitazo ndidagona pa siwa m'mudzi wina wa kufupi ndi malire. Moto utazilala, anthu ambiri atayamba kusinza, bambo wina wa imvi zapatalipatali amene tidakhala naye pa chipika chimodzi adayamba kundisimbira za kwawo kutsidya. Adagwidwa ali ndi zaka 12. Tsiku lina pa ulendo, nkhalamba ina yosenza thumba la chimanga idalephera kuyenda, ndipo mkulu wa gululo adamupatsa iyeyo ndodo. Sadapitirize, ndipo ine sindidafunse. Ndidangoti, "Bambo, inu mudali mwana. Amene adalakwa ndi adakutumaniwo." Adagwedeza mutu movomereza, n'kuti, "Zimenezo ndimazidziwa, achimwene. Ngakhale ashehe adandiuza. Koma ndodoyo idali m'manja mwanga, ndipo agogo aja ankayang'ana ine."

Mawu amenewa akhala akundizungulira m'mutu. Bamboyu sankatsutsa kuti alibe mlandu. Ankanena chinthu china, chimene malamulo alibe nacho dzina. Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo ntchito yathu ndi ya mafomu. Pa fomu pamakhala kabokosi ka zaka zakubadwa, ukalembamo 12 nkhani yonse imalowera njira ina, fayilo n'kutsekedwa. Nzabwino kuti zimatero, pakuti dziko lomanga ana a zaka 12 chifukwa cha nkhondo ya akuluakulu lingakhale dziko lamisala. Koma fomu imayankha funso la boma lakuti tilange yani. Siyankha funso la munthu mwini lakuti ndikhale bwanji ndi chimene manja angawa adachita.

Katswiri wa nzeru zakuya wa ku England, Bernard Williams, adapereka chitsanzo cha dalaivala wa lole amene wagunda mwana popanda kulakwitsa kulikonse. Anthu amamutonthoza kuti si chifukwa chake, ndipo amanena zoona. Komabe, adatero Williams, dalaivalayo atangovomera msangamsanga n'kuyamba kuimba mluzu ngati munthu wongoonerera, tonse tingamudabwe. Timayembekezera kuti amve chisoni cha mtundu wina, chimene woonerera sangachimve, chifukwa imfayo idadzera mwa iye. Ndiye kuti chisoni cha bambo wa pa siwa uja si matenda ofunika kuwachiza ndi mawu okoma. Ndi umboni wakuti Matsanga adalephera kupha umunthu wake. Amene angatiopse ndi uja wotuluka kutchire wosamva kalikonse.

Makolo athu zimenezi adazidziwa Williams asanabadwe. Ankakhulupirira kuti munthu amene wakhetsa magazi, kaya kunkhondo kaya popha nyama yaikulu kuuzimba, amatha kugwidwa ndi chirope, misala ya magazi, ngati sasambitsidwa mankhwala. Chochititsa chidwi n'chakuti chirope sichinkafunsa ngati wakuphayo adalakwa kapena ayi. Ngakhale msilikali woteteza mudzi wake ankayenera kusamba. Magazi ankatengedwa ngati chinthu chomata munthu, chosiyana ndi mlandu wa pabwalo. Wina anganene kuti izi n'zikhulupiriro zachikale, ndipo ine sindikulimbikitsa kuti tizikhulupirira mizimu yobwezera. Ndikungoti anthu amenewa adasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife ophunzira timaziphatikiza: kulakwa ndi kudetsedwa.

Nkhondo itatha, midzi yambiri ya ku Mozambique idatsata nzeru yomweyi. Mayi Alcinda Honwana, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa komweko, adalemba m'buku lake la 2006 za miyambo imene mabanja ankachita polandira ana obwera kutchire, makamaka kummwera kwa dzikolo. Mwana asanayambe kudya ndi anzake, ankamuvula zovala za kunkhondo n'kuzitentha, nthawi zina pamodzi ndi kachisakasa ka udzu kamene amulowetsamo. Ankapha nkhuku, kuuza mizimu ya makolo kuti mwana wabwera, n'kumusambitsa mankhwala, ena kumtsinje, kumene ankachokako osacheuka. Sankamuimika pagulu kuti aulule zonse adachita. Sankamuuzanso kuti palibe chimene chidachitika. Mwambowo unkavomereza kuti mwanayu wabwera ndi chinthu choopsa, kenaka abale onse n'kuthandizana kumutula. Mwana ankaona ndi maso ake kuti akuluakulu akudziwa, ndipo amulandirabe.

Boothby uja adatsatira anyamata 39 amene adasungidwa pa malo otchedwa Lhanguene mumzinda wa Maputo mu 1988 atachoka m'manja mwa Renamo. Patapita zaka 16 adapeza kuti ambiri mwa iwo adasanduka abambo odalirika, osamala mabanja awo, olemekezeka m'midzi mwawo, ndipo iwo eni ankatchula kulandiridwa ndi abale komanso miyambo ija ngati zina mwa zimene zidawathandiza. Koma padalibe ndi mmodzi yemwe amene adaiwala. Onse zinkawabwererabe m'maganizo.

Pali mfundo ina imene anthu amanditsutsa nayo tikamacheza, ndipo si yopepuka. Amati alipo ana amene adakana. Alipo amene adauzidwa kulondera akapolo usiku n'kuwamasula mwakachetechete, ena adaombera m'mwamba dala, ena adalolera kufa. Nawo ana a Chiyuda a mumzinda wa Warsaw ankadutsa m'ziboo za mpanda kukasaka chakudya cha makolo awo, akudziwa kuti akagwidwa awomberedwa. Ngati ana amenewa timawatamanda, ndiye kuti tavomereza kuti mwana amatha kusankha. Nanga bwanji osadzudzula amene adasankha kumvera? Yankho langa n'lakuti kutamanda ndi kudzudzula sizilemera mofanana pa sikelo. Munthu akalumphira m'nyanja ya Malawi mwera ukuwomba kuti apulumutse mnzake, timamutcha ngwazi. Amene adaima pagombe miyendo ikunjenjemera sitipita naye kwa amfumu. Ungwazi ndi mphatso imene munthu amapereka mopitirira ngongole yake, ndipo palibe amene ali ndi ufulu woilamula kwa mnzake, makamaka kwa mwana, makamakanso ife amene tikuweruza titakhuta nsima.

Povuta penipeni ndi pa malire a ubwana. Kuno kwathu mnyamata wa zaka 10 akatuluka ku ndagala atavinidwa jando timamuuza kuti tsopano wakula, asalowenso kuchipinda kwa amayi ake. Malamulo aakulu a dziko, chisinthireni mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Nanga amene adagwidwa ali mwana n'kukulira kutchire komweko, ubwana wake udatha liti? Dziko lonse lidakumana ndi funso limeneli pa mlandu wa Dominic Ongwen wa ku Uganda. Iyeyu adagwidwa ndi gulu la Joseph Kony la LRA akupita kusukulu ali ndi zaka pafupifupi 9, adakulira m'gululo mpaka kukhala mmodzi wa akuluakulu ake. Bwalo la milandu la dziko lonse la ku The Hague, limene malamulo ake salola kuzenga munthu pa zimene adachita asanakwane zaka 18, lidamupeza wolakwa pa milandu 61 mu Febuluwale 2021 pa zimene adachita ali wamkulu, pakati pa 2002 ndi 2005, kuphatikizapo kugwira ana ena n'kuwasandutsa asilikali. Adamulamula kukhala m'ndende zaka 25, ndipo oweruza adati ubwana wake udawachititsa kuchepetsako chilango.

Ndikuganiza kuti oweruzawo adachita bwino, ngakhale mtima sukhazikika. Udindo wa munthu sugwa tsiku limodzi ngati mvula ya chizimalupsa. Umakula pang'onopang'ono molingana ndi mphamvu zimene munthu ali nazo ndi makomo amene amutsegukira. Mnyamata wa zaka 12 wogwira ndodo mfuti ili kumsana kwake, ndi mkulu wa asilikali wa zaka 27 amene akulamula anthu mazanamazana ndipo angathe kuthawa atafuna, si munthu mmodzi pamaso pa chilungamo, ngakhale atakhala thupi limodzi. Tikakana zimenezi ndiye kuti ana amene Ongwen adawagwira alibe kokadandaula, poti aliyense m'gululo adzaloza amene adamugwira, mpaka mlandu kusowa mwini.

Tisaiwalenso kuti nkhalamba ya thumba la chimanga ija idali ndi ana ndi adzukulu. Kwa iwo, kunena kuti wakupha adali mwana sikudzutsa gogo wawo. Iwo ali ndi ngongole imene wina ayenera kulipa, ndipo poti tagwirizana kuti mwanayo si mwini ngongole, tiyenera kufunsa kuti eni ake adalipa chiyani. Apa m'pamene nkhani ya Mozambique imandiwawa. Mu Okutobala 1992, pangano litangosainidwa, nyumba ya malamulo ya dzikolo idakhululukira onse pa milandu ya nkhondoyo. Sipadakhale bwalo, sipadakhalenso bungwe lofufuza zoona monga lidakhalira ku South Africa. Mwina padalibe njira ina yoletsera mfuti, ndipo ine amene ndidaona anthu akubwerera kwawo mu 1993 ndi 1994 sindinganyoze mtendere umenewo. Koma taonani m'mene bulangete limodzi lidafundira anthu osiyana. Lidafunda mwana wogwidwa, lidafundanso amene adalamula kuti ana azigwidwa. Afonso Dhlakama, amene adatsogolera Renamo kuyambira imfa ya Matsangaissa mu 1979, adapikisana nawo pa zisankho za pulezidenti kasanu, kuyambira 1994 mpaka 2014, ndipo adamwalira mu 2018 asanayankhepo pabwalo lililonse. Akuluakulu a boma la azungu la Rhodesia amene adathandiza kukhazikitsa gululi, ndi a boma la tsankho la South Africa amene adalipatsa zida pambuyo pake, nawonso sadazengedwe mlandu wa ana amenewa. Ifenso a Malawi tili ndi potiyabwa. Mu Seputembala 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe adabwera ku Blantyre kudzadandaulira Dr. Kamuzu Banda kuti Renamo ikugwiritsa ntchito nthaka ya Malawi. Boma lathu lidakana, ndipo chaka chotsatira lidatumiza asilikali kukateteza njanji ya ku Nacala, koma nkhaniyo sidafufuzidwepo poyera mpaka lero.

Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pa nkhondo imeneyi akuluakulu ndiwo adayatsa moto n'kupatsa ana miuni. Ndipo itatha, amene adavula zovala n'kusamba mankhwala kumtsinje m'mamawa kukuzizira adali anawo. Sindidamvepo kuti mkulu wa asilikali kapena nduna ya dziko lililonse idalowa m'kachisakasa ka udzu kaja. Amene alibe mlandu ndiwo adasenza kudetsedwa konse, ndipo eni mlandu adavala masuti n'kupita ku nyumba ya malamulo.

Bambo wotere akadzakhalanso nane pa chipika, mawu oti alibe mlandu ndidzawanenabe, chifukwa ndi oona ndipo ayenera kuwamva kawirikawiri. Koma sindidzayesa kumulanda chisoni chake ngati kuti ndi kulakwitsa masamu. Ndi chake, adachilipira modula, ndipo mwina ndi maliro okhawo amene nkhalamba ija idaliridwa ndi munthu amene adaona imfa yake.

Kuyambira mu Okutobala 2017 kwabukanso nkhondo ina m'chigawo cha Cabo Delgado, choyandikana ndi Niassa, ndipo chakumapeto kwa 2021 zigawenga zake zidafika mpaka m'boma la Mecula, m'Niassa momwemo. Mabungwe a UNICEF ndi Human Rights Watch adalengeza kuti nazonso zimagwira ana, anyamata kuwaphunzitsa mfuti, atsikana kuwakwatira mokakamiza. Ena mwa ana amenewa adzathawa, ndipo njira ya ku Mandimba ndi Chiponde idakalipo. Adzukulu a anthu aja tinkawaseka m'kalasi akhoza kudzagogoda pa makomo athu omwewa, ali ndi zaka 12, osatha kutiyang'ana m'maso.